Ba driver, musachotse Parliament

Pa Chisanu sabata yatha ndinachoka mochedwa ku Chelstone, nthawi itapitirira 9 koloko. Basi inali yodzaza monga mwa masiku onse, anayianayi pa mpando, kondakitala atapinda msana pa chitseko. Titadutsa UNZA ndi Arcades, jamu inatigwira pafupi ndi Manda Hill. Ba driver anali atatsegula wailesi ya Parliament, ndipo phungu wina anali kufunsa funso kwa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Amayi a Mutale Nalumango.

Mnyamata wina kumbuyo analephera kupirira. "Ba driver, chosaniko ivo, ikani nyimbo. Aba bantu bakamba chabe Chizungu, ise kunyumba kulibe na unga."

Amayi ena amene anali atafungatira chisaka cha salaula anatembenuka. "Iwe, leka bakambe. Si ndiwe unabavotela? Manje sufuna kumvela vamene bachita na voti yako?"

"Nanga imwe amai, mwamvelapo chani?"

Amayi aja anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Namvela chabe ati Madam Speaker."

Basi yonse inafa nazo nseko, ba driver nawo anaseka, koma wailesi sanaichotse. Ine ndinatsikira mu tauni ndikali kuganizira mkangano uja, chifukwa onse awiri anakamba zoona. Amayi aja sananame: zokambidwa m'nyumba ija n'zathu. Mnyamata nayenso sananame: momwe zimatifikira, munthu wamba sangatolepo kanthu. Funso langa lero ndi lakuti, pakati pa nyumba ya malamulo ndi khutu la munthu wa mu basi, nkhani imatayika pati?

Nyumba ija tiidutsa tsiku lililonse ife a Great East Road. Ili pa chitunda, denga lake la kopa lioneka bwino ukasuzumira pa windo, ndipo aphungu akhala akukumana pamenepo kuyambira mu 1967. Mu masankho a 2021 tinatumizako aphungu 156, kuonjezapo 8 osankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko. Mzinda wathu wa Lusaka unatumiza 7: a Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali. Wa ku Chelstone phungu wake ndi wa Munali, wa ku Kabulonga ndi wa Lusaka Central. Koma funsani mu basi kuti phungu wanu anakambapo chiyani mwezi watha, muone ngati mupeza manja awiri okwezedwa.

Kale vuto linali lakuti chitseko chinali chotseka. Achikulire akumbukira za mu 1996, pamene a Fred M'membe ndi a Bright Mwape a nyuzipepala ya The Post anaponyedwa m'ndende molamulidwa ndi nyumba ya malamulo yomwe, nthawi ya Sipika a Robinson Nabulyato, chifukwa cha zimene analemba potsutsa mawu okambidwa m'nyumbamo. Mnzawo, malemu a Lucy Sichone, anachita kubisala. Khoti yaikulu ndiyo inawatulutsa. Masiku amenewo kulemba za aphungu kunali ngati kuseweretsa njoka.

Lero zinasintha, ndipo tiyenera kuvomereza. Nyumba ya malamulo ili ndi wailesi yakeyake ndi TV yakeyake, ndipo zokambirana zimaulutsidwa nthawi yomweyo ngakhale pa Facebook. Mawu alionse okambidwa m'nyumbamo amalembedwa mu Hansard ndi kuikidwa pa intaneti. Makomiti, amene kale anali kukumana mobisika, tsopano munthu angapite kukamvetsera. Ufulu umenewu tisauone ngati wamasewera. Kwa anansi athu ku Tanzania boma linaletsa kuulutsa Bunge nthawi yomweyo mu 2016, ndipo anthu anadikira mpaka 2022 kuti aonenso aphungu awo pa TV. Ngakhale ku Britain kumene tinatengera mwambo wa ndodo ya Sipika, makamera analowa mu House of Commons mu 1989 chabe.

Tsono ngati chitseko chinatseguka, n'chifukwa chiyani amayi a salaula anamva "Madam Speaker" yekha?

Choyamba ndi chilankhulo. Aphungu amakamba m'Chizungu, ndipo si Chizungu cha pa City Market ayi, ndi Chizungu cha malamulo. Munthu amene anatsiriza Grade 12 amasokonezeka akamva za second reading, committee stage kapena supplementary estimates. Nanga kuli bwanji amene anasiyira Grade 7? Chodabwitsa n'chakuti pa kampeni aphungu omwewa amadziwa Chinyanja ndi Chibemba bwinobwino, mpaka kuvina nafe pa msika. Akangolowa pa geti ya Manda Hill, lilime lisintha. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amati Chizungu ndicho chilankhulo cha boma, koma amalolanso kuti chilankhulo china chigwiritsidwe ntchito pa za malamulo ngati pakhazikitsidwa dongosolo lake. Ku Tanzania aphungu amakangana m'Chiswahili, ndipo woyendetsa bodaboda amamva zonse. Ku South Africa phungu angakambe m'Chizulu kapena Chisotho, omasulira ali pompo. Kuno tili ndi zilankhulo 7 zimene ZNBC Radio 1 imaulutsiramo kuyambira kale: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Omasulira alipo, luso lilipo. Chosowa ndi munthu woti anene kuti ntchito imeneyi ichitike tsiku lililonse nyumba ikakumana, osati pa tsiku la bajeti lokha.

Chachiwiri ndi nthawi. Kuyambira pa Chiwiri mpaka pa Chinayi nyumba imayamba 14:30, pa Chisanu 9 koloko m'mawa. Nthawi zimenezo wa ku Kabwata ali pa ntchito mu tauni, wogwira ntchito m'nyumba za kumayadi ku Woodlands ali kuchapa, wa pa Soweto ali kuitana makasitomala. Amene angakhale pansi maola atatu kuonera Parliament TV ndi opuma pa ntchito, odwala, ndi atolankhani. Onjezanipo nkhani ya malaiti. Mu 2024, chilala chitaumitsa Kariba, makomboni ambiri anali kuona magetsi maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. TV inasanduka chokongoletsa m'nyumba. Wa ku Kabulonga wokhala ndi solar anapitiriza kuonera. Wa mu komboni anatsala ndi kawailesi ka mu foni, ndipo nayo foni ifuna kutchaja. Kuonera pa Facebook maola atatu, bundle ya K10 siifika ngakhale pakati.

Ndiye kuti ambiri a ife sitimvera nyumba ya malamulo yokha. Timamvera anthu amene anaimvera. Apa m'pamene pali nkhani yeniyeni, chifukwa mphamvu ili m'manja mwa munthu amene amasankha mphindi ziwiri pa maola asanu.

Onerani nkhani za 19 koloko pa ZNBC tsiku limene nyumba yakumana. Kawirikawiri mudzaona nduna ikuwerenga chikalata chake, mawu ake omveka bwino, ndipo mafunso ovuta amene aphungu anaifunsa pambuyo pake afupikitsidwa kapena palibe. Tembenukirani ku ma TV a anthu wamba, Diamond, Prime, Muvi ndi ena. Kumeneko kawirikawiri mudzaona phungu wotsutsa akukuwa, Sipika akumuuza kuti akhale pansi, kenaka gulu likutuluka ndi kukaima panja pamaso pa makamera. Munthu woonera mbali imodzi aganiza kuti m'nyumba muja muli mtendere wokhawokha. Woonera mbali inayo aganiza kuti muli nkhondo yokhayokha. Onse awiri sanauzidwe kuti tsiku lomwelo panadutsa lamulo liti.

Sindinena kuti atolankhani athu ndi aulesi. Ndimawadziwa, ena timakwera nawo basi. Mtolankhani mmodzi amatumidwa ku khoti m'mawa, ku msonkhano wa chipani masana, ku Parliament madzulo, ndi kamera imodzi. Bilu ya masamba makumi asanu aiwerenga nthawi yanji? Ndipo wailesi ya malonda imakhalira otsatsa malonda, otsatsa malonda amatsata khamu, khamu litsata phokoso. Phungu akagona pa mpando, vidiyo ya masekondi 20 izungulira mafoni onse kuchokera ku Chelstone mpaka ku Kanyama dzuwa lisanalowe. Phungu akafunsa funso lanzeru la ngalande za madzi amvula, palibe amene atumizira mnzake.

Palinso mantha, ndipo si mantha opanda chifukwa. Bungwe la IBA, limene limapereka malaisensi a mawailesi, linatseka kwa kanthawi Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi mu August 2016, masankho atangotha. Prime TV inaimitsidwa masiku 30 mu March 2019, inalandidwa laisensi mu April 2020, ndipo inabwereranso boma litasintha mu August 2021. Mwini wailesi aliyense amakumbukira zimenezi. Mamembala a bodi ya IBA amasankhidwa ndi nduna, chimodzimodzi a bodi ya ZNBC. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti ZNBC ndi ya chipani cholamula. Chikalowa m'boma, kulira kutha. Tinaona zimenezi ndi MMD, tinaziona ndi PF, ndipo lero otsutsa akudandaula dandaulo lomwelo pansi pa UPND. Koma TV levy ya K5 pa mwezi timalipira tonse, wovala zofiira ndi wovala zobiriwira. ZNBC ndi ya olipira, si ya amene ali ku State House nthawi imeneyo.

Wina anganene kuti, nanga zili ndi kanthu? Aphungu akambe, asakambe, basi ikali kukwera mtengo. Tiyeni tione zitsanzo.

Pamene mutumiza ndalama kwa agogo ku Petauke pa foni, pali kamsonkho kamene kamadulidwa. Msonkho umenewo wa mobile money unayamba mu January 2024. Sunagwe kumwamba ayi. Unanenedwa mu bajeti imene Nduna ya Zachuma, a Situmbeko Musokotwane, anawerenga mu 2023, unalembedwa mu bilu, ndipo aphungu anauvomereza. Ambiri a ife tinaudziwira pa booth, tikukangana ndi mtsikana wosalakwa amene sanaulembe.

Wogwira ntchito ya pa mwezi adziwa kuti ndalama zosadulidwa msonkho wa PAYE zinali K4,000 mu 2021, zinafika K4,500 mu 2022, K4,800 mu 2023 ndi K5,100 mu 2024. Manambala amenewo amadutsa m'nyumba ija. Misonkho ya pa mafuta nayo imadutsa momwemo, ndipo mtengo wa mafuta ukasintha, tonse tidziwa chimene kondakitala atiuza m'mawa mwake.

Nanga CDF? Ndalama za chitukuko cha dera la phungu zinali K1.6 miliyoni pa chaka, zinakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 zinali K36.1 miliyoni pa dera lililonse. Ndi ndalama za madesiki, za mabasale a ana, za misewu ya mkati, za nkongole za magulu a azimayi ndi achinyamata. Lipoti ya Auditor General ikatuluka yonena za momwe makhonsolo anagwiritsira ntchito ndalamazi, imapita ku makomiti a nyumba ya malamulo, kumene akuluakulu a maofesi amaitanidwa kuti ayankhe. Kodi ndi wailesi iti imene inakuuzani m'Chinyanja kuti ku dera lanu zinayenda bwanji?

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha April 2025. Malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, anasainidwa mwezi umenewo. Ndi malamulo okhudza aliyense amene ali ndi foni: zimene ulemba, zimene utumiza, ndi mphamvu za boma zomvetsera. Anthu ambiri anayamba kuwakamba pamene ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake za malamulowo. Pamenepo m'pamene mawailesi anadzaza ndi mafoni a anthu okwiya, boma nalo likufotokoza kuti cholinga ndi kugwira akuba ndi onyenga a pa intaneti. Kaya muli mbali iti, mfundo ndi yakuti mkangano unafika kwa anthu wamba lamulo litasainidwa kale. Mabiluwo sanadutse usiku. Anadutsa m'nyumba imene ili ndi wailesi ndi TV. Mabungwe ena anachenjeza nthawi ikalipo, koma mawu awo sanafike mu basi.

Komatu tikudziwa kuti zikaulutsidwa bwino, anthu amamvetsera. Kumbukirani January 2021, pamene komiti yoona za ndalama za boma, PAC, inamva umboni wokhudza kontrakiti ya 17 miliyoni ya madola ku unduna wa zaumoyo, kuti makondomu ndi magolovesi ena amene anagawidwa analephera mayeso a ZABS. Anthu anaona ndi maso awo akuluakulu a maofesi akusowa poyambira. Sabata imeneyo mu basi munalibe nkhani ina, ndipo patangopita masiku ochepa Nduna ya Zaumoyo, a Chitalu Chilufya, anachotsedwa pa udindo. Kumbukiraninso Bill 10. Pa 29 October 2020 inapeza mavoti 105 pamene inafunika 111, ndipo inagwa. Ngakhale ngwangwazi za pa Kulima Tower zinali kudziwa kuti nambala yofunika ndi 111, chifukwa mawailesi anaifotokoza miyezi yambiri, m'zilankhulo zonse. Mkangano wa Bill 7 mu 2025 nawo unafika mpaka m'mabala ndi m'matchalitchi. Choncho bodza lakuti munthu wa mu komboni sakonda nkhani za malamulo tilisiye. Amakonda, akauzidwa m'mawu omveka kuti nkhaniyo imukhudza pati.

Palinso chinthu china chimene wailesi yabwino ingatichitire: kutikumbutsa. Mu June 2017 Sipika a Patrick Matibini anaimitsa aphungu 48 a UPND masiku 30 chifukwa chokana kukamvera Mtsogoleri wa nthawiyo, a Edgar Lungu. A PF anaomba m'manja, a UPND anati demokalase yafa. Mu March 2022 Sipika Amayi a Nelly Mutti, mzimayi woyamba kukhala pa mpandowo, anaimitsa aphungu 30 a PF masiku 30 chifukwa cha zionetsero zimene anachita m'nyumbamo. A UPND anati lamulo ndi lamulo, a PF anati demokalase yafa. Mtolankhani wodziwa ntchito akaika nkhani ziwirizi pamodzi, womvera ayamba kufunsa funso lenileni: phungu akaimitsidwa mwezi wathunthu, anthu a dera lake amawaimira ndani, ndipo kodi chilango chimenechi n'choyenera kaya wolangidwa ndi wa chipani chiti?

Tsono tipemphe chiyani, kwa ndani?

Kwa a nyumba ya malamulo: muli ndi wailesi kale. Nyumba ikaweruka, ikani mphindi 15 za chidule m'chilankhulo chilichonse mwa 7 zija, zonena zinthu zitatu chabe: bilu iti yafika pati, nduna yayankha chiyani, komiti iti ikumana mawa. Muziulutse nthawi imene anthu ali m'mabasi, m'mamawa ndi madzulo, ndipo muzipereke kwaulere ku mawailesi a m'madera, kuyambira Komboni Radio kuno mpaka Breeze FM ku Chipata. Chidule chotere chingayendenso pa WhatsApp popanda kutha bundle. Ndipo komiti ikaitana anthu kuti apereke maganizo pa bilu, chilengezo chisathere mu nyuzipepala ya Chizungu mokha.

Kwa a ZNBC: nduna ikapatsidwa mphindi ziwiri, funso lovuta limene inafunsidwa lipatsidweko imodzi. Sizichepetsa boma. Boma limene liyankha bwino lipindula nazo.

Kwa mawailesi a anthu wamba: phokoso tionetseni, sitikana, nafenso timaseka. Koma mukatha kutionetsa amene watuluka, tiuzeninso chimene otsala avomereza. Sankhani mtolankhani mmodzi akhale wa Parliament chaka chonse, adziwe malamulo a nyumbayo, aziwerenga Order Paper m'mawa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu December 2023 patapita zaka zoposa 20 likulonjezedwa. Ligwiritseni ntchito, lisachite fumbi. Ndipo pa mapulogalamu a m'mawa oimba foni, pamene aphungu amakonda kubwera kudzatukwana anzawo, afunseni kuti bilu yakuti munavota bwanji, chifukwa chiyani.

Kwa ife okwera basi: vidiyo ya masekondi 20 ikafika pa foni, tisathamangire kuitumiza. Tifunse kuti inajambulidwa liti, ndipo patsogolo pake panakambidwa chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dera lililonse lili ndi ofesi ya phungu, ndipo ofesi imeneyo ndi ya nyumba ya malamulo, si ya chipani; munthu angapiteko kukafunsa kapena kusiya dandaulo popanda khadi ya chipani. Masankho ena akubwera. Ofuna mavoti adzabweranso ndi vitenge, nyimbo ndi Chinyanja chokoma. Amene anamvetserako ngakhale pang'ono zaka zisanu zapitazi adzakhala ndi funso lowafunsa. Amene sanamvere adzangovina.

Pa Chisanu paja, titafika pa Kabwe roundabout, mnyamata uja anatsika osanenanso kanthu. Amayi a salaula anatsala, ndipo pamene anali kudikira chenji anafunsa bambo wina wovala tayi amene anakhala nawo pafupi: "Imwe atate, uja anafunsa chani kansi?" Bamboyo anawafotokozera m'mawu ochepa, m'Chinyanja. Amayi anagwedeza mutu nati, "Oho. Nanga sembe bakamba chabe so?"

Ntchito imene bambo uja anagwira kwaulere pa mphindi imodzi ndiyo imene tikupempha kwa amene ali ndi ma studio, ma transmitter ndi K5 yathu ya mwezi uliwonse. Pakali pano, ba driver, ikafika pa Chisanu musachotse Parliament. Mu basi simulephera kupezeka womasulira.